Kodi Nsingu akanadikira kuti anthu akolole?

Mzukulu wa ku Feni
Makolo ndi abale, ndithandizeni. Chaka ndi chaka pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni timatchula dzina la Nsingu, mwana wa Mpezeni mfumu ya aNgoni, koma palibe wandifotokozera chifukwa chake nkhondo yake ndi aBritain ya 1898 inatha msanga chonchija. ANgoni anawoloka Zambezi mu 1835, kukafika ku Ufipa ku Tanzania, kubwerera, osagonjera munthu. Ndiye asilikali mazana angapo ochokera ku Nyasaland n'kuwabalalitsa pa masabata owerengeka? Ine ndikuti alipo anatigulitsa.

Mbuya wa ku Kasama
Osagonjera munthu? Mbuya wanga, bwerezanso bwinobwino. Kwathu kwa Chitimukulu munafika, ndipo simunakhazikike. Mwina munaona kuti kulibe mbewa zonona 😂

Mzukulu wa ku Feni
Inu ambuya khalani chete, kadyeni anyani anu. Tinachoka tokha.

Aphunzitsi Opuma
Mwanawe, ambuya akowo akuseka koma sakunama. Kwa aBemba aNgoni anakumana ndi midzi yamalinga ndi mfuti zochokera kwa amalonda a minyanga, ndipo zinawavuta. Kwa Mwase ku Kasungu n'chimodzimodzi. Mfuti sinali yachilendo kwa Mpezeni. Zomwe ankazidziwa ndi za gogodela, zothira onga ndi kusinja ndi chitsulo. Munthu akaomba kamodzi, iwe wamkondo umathamanga n'kumupeza asanathirenso onga. Pa zaka 60 nzeru imeneyo inkagwira ntchito. Mu January 1898 kunabwera mfuti ya Maxim, imene imalavula zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi imodzi, ndi mizinga yogwetsa moto pakati pa gulu lili patali. Mpata wothamangira uja unatha.

Za kugulitsidwa, yamba ndi Carl Wiese, Mjeremani wamalonda amene anakhala kwa Mpezeni ngati bwenzi. Mu 1891 anatenga pepala la malo, ndipo pepalalo linakathera m'manja mwa North Charterland Exploration Company, imene inkakhulupirira kuti kuno kuli golide wambiri. Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ameneyu kalumo kake kanameta eni mudzi. Pofika 1897 azungu ofufuza miyala anali akuyenda m'dziko la Mpezeni, akumanga misasa, akudziwa njira ndi makola. Anyamata a Nsingu atawazinga mu December, azungu a boma la Britain ku Zomba anapeza chifukwa chomwe ankachifuna.

Sajeni Wakale
Aphunzitsi, Maxim ndikuivomera, koma isatimalizire nkhani. Ine ndinavala yunifolomu, ndipo chimene anatiphunzitsa choyamba si kuomba. Ankati funsa kuti mdani adya chiyani mawa, adzera kuti, ndipo katundu wake wasenza ndani. Asilikali aja anachokera kunyanja, ku Nkhotakota, wapansi, m'dzinja. Mzinga suyenda wokha, bokosi la zipolopolo lili pamutu pa munthu. Mitsinje yadzaza, tsekera watalika kupitirira mutu, mzere wa anthu watalika pa kanjira kamodzi. Pamenepo ndi pamene mkondo uli ndi mphamvu kuposa mfuti. Ukawadikira kuti afike, atule katundu, aike Maxim pa miyendo yake, iwe n'kusonkhana poyera pafupi ndi mudzi, wawapatsa nkhondo yomwe anabwerera.

Mzukulu wa ku Feni
Ndiye aSajeni mukuti Nsingu sankadziwa nkhondo?

Sajeni Wakale
Ayi mphwanga, usandiike mawu m'kamwa. Ankadziwa nkhondo imene anakulira. Mtsogoleri aliyense amakonzekera nkhondo imene anapambana dzulo, ngakhale akazembe a ku Ulaya amapunthwa pomwepo.

NaJere
Ine funso langa ndi la mwezi. Amuna mukakamba za nkhondo mumaiwala nkhokwe. January kuno ndi mwezi wanji? Chimanga chili m'munda chisanakhwime, nkhokwe yatsala pansi, ana akudya maungu ndi bowa. Makolo athu sankatuluka nkhondo nthawi imeneyo. Ankayamba alawa zam'munda, kukolola, udzu n'kupsa, mitsinje n'kuphwa, ndiye impi, gulu la ankhondo, izinyamuka. Kulikonse kumene afika apeza nkhokwe zodzaza za eni ake, kamba wa pa ulendo n'ngochepa. Tsono mu 1898 nkhondo inawapeza pakhomo, mwezi wa njala. Gulu la amuna zikwi ungalidyetse masiku angati pamalo amodzi mu January?

Sajeni Wakale
Amayi mwalasa. Impi ya aNgoni inapangidwira kukadya kwa ena. Kudikira mdani pakhomo pako ndi ntchito ina.

Wophunzira pa UNZA
Pepani akuluakulu, ndilowererepo. Nanga bwanji aZulu anatha? Pa Isandlwana, pa 22 January 1879, anapha anthu oposa 1,300 a mbali ya Britain, ndi mikondo yomweyi, ndi kamenyedwe komweka ka nyanga ziwiri ndi chifuwa. Nawonso unali mwezi wa January.

Aphunzitsi Opuma
Funso labwino. Taona zimene zinachitika tsikulo. Lord Chelmsford, mtsogoleri wa aBritain, anagawa gulu lake pawiri, iye n'kutuluka m'mamawa kukafuna aZulu kumene kunalibe. Otsala pamsasa sanakumbe maenje, sanazinge ngolo. Ntshingwayo, mtsogoleri wa aZulu, anali atabisa amuna pafupifupi 20,000 m'chigwa, makilomita ochepa chabe, ali chete osasonkha moto. Chifuwa chinagwira adani kutsogolo, nyanga zinazungulira kuseri kwa phiri n'kutseka njira yothawira. Anapambana chifukwa mzungu sanadziwe pamene iwo ali, pomwe iwo ankadziwa pamene mzungu ali.

Koma werengera mpaka July chaka chomwecho. Pa Ulundi aBritain anaima mothinana mbali zinayi, mizinga ndi mfuti za Gatling m'mbali ndi m'makona, ndipo nyanga zija zinalibe poti zizungulire. Mu 1893 aNdebele a Lobengula anayesa pa Shangani ndi pa Bembesi, Maxim inawatchetcha asanafike pa ngolo. Kuno kwathu Mwase Kasungu anagwa kumapeto kwa 1895, Gomani, mfumu ya aNgoni a ku Ntcheu, anaomberedwa mu 1896. Zonsezi zinachitika Mpezeni ali moyo, ndipo zinazo pafupi pomwepa. Ine ndimaona kuti nkhalambayo inkazengereza chifukwa inali itawerenga bwino mphepo, osati mantha.

Mzukulu wa ku Feni
Kuzengereza kumeneko n'kumene kunalowetsa azungu. Akanamvera anyamata mu 1895, Wiese asanabweretse anzake, bwenzi zili zina.

Mlimi wa ku Vubwi
Apa mnyamatayu ali ndi mfundo. Bambo akufuna kudikira, mwana akufuna kumenya, mapeto ake sanadikire mokwanira ndipo sanamenye pa nthawi yake.

NaBanda wa ku Chadiza
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pali chimene simukuchitchula, mwina chifukwa cha ulemu. Ine ndine Mchewa. Agogo anga aakazi ankasimba kuti makolo awo ankalima ndi diso limodzi kuphiri, akamva mfuu amasiya khasu, kunyamula mwana, kukwera kumapanga. Mbuzi ankazimanga pakamwa kuti zisalire. Dziko limene Mpezeni anakhalamo linali la Mkanda ndi mafumu ena a Chichewa, ndipo ambiri mwa ankhondo ake anali ana a anthu ogwidwa, Achewa ndi Ansenga. Ndiye aSajeni mukamati akanawalalira panjira, ndani akanawauza kuti adani agona pati, awoloka pati? Njira yochokera ku Nkhotakota imadutsa m'midzi ya anthu amene ankathawa impi chilimwe chilichonse. Munthu amene unamutenthera nkhokwe sangakuthamangire usiku kudzakuchenjeza.

Sindikunena izi kuti tikangane. Lero tinakwatirana, ana anga ndi a kwa Tembo. Koma pokonza nkhondo, anansi nawonso amawerengedwa.

Sajeni Wakale
Mlongo wanga, pamenepo mwandigwira. Popanda maso a anthu a m'midzi, kulalira sikutheka.

Aphunzitsi Opuma
Onjezani ichi. Asilikali amene anabwerawo, azungu anali owerengeka. Kunali Asikh ochokera ku India, koma ochuluka anali Atonga ndi Ayao. Atonga a ku Nkhata Bay anali atalawa ulamuliro wa aNgoni a M'mbelwa n'kuwaukira m'ma 1870. Mzungu sanavutike kupeza munthu womugwirira mfuti.

NaJere
Amake Tembo, mawu anu ndi owawa koma ndawamva. Kwathu nkhani imeneyi timaidumpha.

Mzukulu wa ku Feni
Chabwino. Koma pali Mwafrika amene anawerenga zonsezi n'kupambana? Kapena tingoti mzungu sakanagonjetseka?

Wophunzira pa UNZA
Menelik wa ku Ethiopia. Adwa, 1 March 1896, zaka ziwiri zokha nkhondo yathu isanachitike.

Aphunzitsi Opuma
Eya, ndipo nkhondo ya Adwa anayamba kuipambana zaka khumi isanamenyedwe. Anagula mfuti zamakono kwa Afalansa, kwa Arasha, ngakhale kwa Ataliyana omwewo. Mafumu amene ankalimbana naye anawakokera kumbali yake, mpaka anafika ndi anthu pafupifupi 100,000. Ndipo taonani nkhani ya amayi NaJere ikubweranso: chakudya cha gulu lake chinali pafupi kutha, akanakhala masiku ena ochepa anthu akanabalalika. Baratieri wa Italy, atakakamizidwa ndi akuluakulu ake ku Rome, anatuluka m'malo ake otetezeka n'kuyenda usiku ndi mapu olakwika. Magulu ake anatayana m'mapiri, Menelik n'kuwadya limodzi limodzi.

Mpezeni analibe doko, analibe mzungu wachiwiri woti amugulitse mfuti zamakono zochuluka kuti akhaulitse woyambayo. Kum'mawa aBritain a Johnston ndi Sharpe, kum'mwera a Rhodes, ku Tete Apwitikizi. Mpanda unali utatsekeka.

Sajeni Wakale
Ine wanga ndi Mkwawa wa aHehe ku Tanzania, chifukwa iye anayesa njira zonse zitatu ndipo tingaone imene inagwira. Mu August 1891 pa Lugalo analalira Ajeremani ali pa mzere panjira, mfuti zazikulu zisanatulidwe, n'kupha mtsogoleri wawo Zelewski ndi asilikali ambiri. Ndi zomwe ndimanena zija. Atatero anadalira linga lake lamiyala ku Kalenga, ndipo mu 1894 Ajeremani anabwera ndi mizinga n'kulilanda. Kenaka analowa m'tchire, kumenya n'kuthawa, zaka zinayi, mpaka anadziombera yekha mu July 1898 atazingidwa. Nsingu anagwidwa n'kuomberedwa kumayambiriro kwa February chaka chomwecho. Wina masabata, wina zaka zisanu ndi ziwiri.

NaJere
Zaka zisanu ndi ziwirizo anazilipira ndani, aSajeni? Funsani abale athu aNgoni a ku Songea. Pa nkhondo ya Maji Maji, 1905 mpaka 1907, anthu atalowa m'tchire Ajeremani sanavutike kuwathamangitsa. Anatentha minda ndi nkhokwe n'kudikira. Njala inapha anthu ochuluka kuposa zipolopolo, ndipo oyamba kufa sanali ankhondo.

Komanso mukuiwala ng'ombe. Mngoni wa nthawi imeneyo chuma chake, lobola wake, ulemu wake, zonse zinali m'chibaya. Munthu angabisale m'phanga la ku Kanjala, nanga ng'ombe zikwi uzibisa kuti? Zimalira, zimasiya mapazi, zimafuna madzi tsiku ndi tsiku. Mdani safunika kukusaka, amangopita pamene pali ng'ombe ndipo iwe ubwera wekha.

Mlimi wa ku Vubwi
Zoona. Ine zanga zisanu zokha zikalowa m'dimba la munthu mudzi wonse umadziwa.

Aphunzitsi Opuma
Ndipo ng'ombezo n'zimene zinatengedwa, zoposa 10,000. Kumbukirani kuti mliri wa ng'ombe unali utapululutsa makola kum'mwera kwa Zambezi mu 1896, choncho ng'ombe yamoyo inali ndi mtengo. Golide amene ankamufunayo sanapezeke monga ankalotera. Midzi ikuluikulu inatenthedwa, Mpezeni anadzipereka n'kusungidwa ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, ndipo anamwalira mu 1900. Patangopita zaka zochepa kunabwera msonkho wa nyumba, anyamata amene akanakhala m'magulu a nkhondo n'kuyamba ulendo wapansi wa ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Nc'wala inaima mpaka 1980.

Tsono yerekeza ndi aNgoni a M'mbelwa ku Mzimba. Iwo sanamenyane ndi mzungu. Anakambirana, amishoni a Livingstonia ali pakati, n'kulowa pansi pa boma mu 1904, ng'ombe zawo zili m'khola, mafumu awo ali pa mipando.

Mzukulu wa ku Feni
Aphunzitsi, ndiye mukuti kugwada kunali bwino? Ine zimenezo ayi. Lero ku Feni kuli nyumba yosungiramo mbiri ya dzina la Nsingu. Amene anagwada dzina lake lili pa chiyani?

Aphunzitsi Opuma
Sindinati bwino, mwanawe. Ndati ng'ombe zinatsala. Ndipo a ku Mzimba kunalibe kampani yonunkhiza golide pakhomo pawo. Mwina kuno ngakhale Mpezeni akanagwada chotani, chifukwa china chikanapezeka.

Mbuya wa ku Kasama
Mwakamba zanu mokwanira, tsopano mverani za kwathu, kumene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inathera. Ku Ulaya anasiya kuombana pa 11 November 1918, koma von Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa asilikali a Germany ku East Africa, anali asanamve. Analowa m'Kasama, ndipo uthenga unamupeza pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November. Anakatula zida ku Mbala, nthawiyo Abercorn, pa 25 November. Chipilala chilipo pa Chambeshi, mukadzabwera ndidzakuonetsani, mbewa mudzasiye pa Serenje.

Sajeni Wakale
Ameneyo ndiye ankadziwa chimene akufuna. Sankafuna kupambana mu Africa, ankadziwa kuti sangathe. Ankafuna kuti Britain iwononge asilikali ndi zombo kuno m'malo mozitumiza ku France. Gulu lake silinapitirire 15,000, koma anamangirira anthu mazana a zikwi kwa zaka zinayi. Akaona kuti nkhondo simukomera, amachoka. Analibe mudzi woti auteteze, analibe ng'ombe, analibe agogo oti awanyamule.

NaBanda wa ku Chadiza
Analibe chifukwa ankadya za eni ake. Ndipo omuthamangitsawo katundu wawo anasenza ndi makolo athu. Amtengatenga. Kuno ku Fort Jameson, lero Chipata, anthu ankatengedwa m'midzi, mfumu ikalephera kupereka amuna inkaona zakuda.

Sajeni Wakale
N'zoona, ndipo masamu ake ndi oopsa. Tiyerekeze munthu wasenza ufa makilogalamu 25, iye akudya kilogalamu imodzi patsiku. Ulendo wa masiku 12 kupita, 12 kubwerera. Wafikitsa chiyani kwa msilikali? Kilogalamu imodzi. Njanji inali kutali, ku Broken Hill (lero Kabwe) ndi ku Ndola, malire a Tanganyika ali makilomita mazanamazana. N'chifukwa chake anafika pogwiritsa ntchito mabwato m'madambo a Bangweulu, ndipo n'chifukwa chake ankachepetsa phoso la wonyamulayo kuti katundu afike. Amtengatenga amene anafa ku East Africa mbali ya Britain yokha anali pafupifupi 95,000, ambiri ndi matenda ndi njala. Wokonza nkhondo akalemba muvi pa mapu, pansi pa muviwo pali mitu ya anthu.

Wophunzira pa UNZA
Zikufanana ndi pulani ya Schlieffen imene tinaphunzira. Germany inakonza kugonjetsa France pa masabata asanu ndi limodzi podzera ku Belgium, kenaka n'kutembenukira Russia. Sitima zinafikitsa asilikali pamalire pa nthawi yake, koma kuchoka apo anayenda wapansi, akavalo akusowa chakudya, ndipo pa Marne mu September 1914 zonse zinaima.

Mlimi wa ku Vubwi
Za ku Ulaya zitaleka, ife a m'malire tinaziona ndi maso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Renamo, zigawenga za ku Mozambique, ankalowa kuno usiku. Sankafuna boma la Chadiza, ankafuna ufa, mchere, ng'ombe ndi anthu oti awasenzere. Tinkagona m'munda, nyumba ili chitsekere, galu tamumangirira kutali kuti asatiulule. Asilikali athu akafika m'mawa, iwo awoloka kale.

Sajeni Wakale
Malire aatali chonchija sungaike msilikali pa mtengo uliwonse. Ndipo kumbukirani 1979. Asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wa njanji ya TAZARA pa Chambeshi mu October, mu November n'kugwetsa maulalo ena kuphatikizapo wa pa Chongwe, pa msewu wathu womwe uno wa Great East. Sanafune kulanda Lusaka. Anafuna kuti ZIPRA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, isasunthe zida zake kupita ku Zambezi, ndiponso kuti chimanga ndi feteleza zisalowe, Kaunda amve kuwawa pamene zokambirana za ufulu wa Zimbabwe ku Lancaster House ku London zili mkati. Anthu ochepa, mabomba ochepa, dziko lonse n'kutsamwa.

Mzukulu wa ku Feni
Chabwino aSajeni, tinene kuti ndinu nduna ya Nsingu, mwezi ndi December 1897. Mukumuuza chiyani?

Sajeni Wakale
Ndikumuuza kuti azungu ali pamsasawo asawakhudze, awamwetulire, awagulitse nkhuku mpaka May. Pakali pano ng'ombe azigawe timagulu, zina zipite kumapiri a kum'mwera, mbewu ikakololedwa ikwiriridwe m'malo osiyanasiyana. Atumize nthumwi kwa mafumu a Chichewa a m'njira ya Kasungu, ndi ng'ombe m'manja, osati mkondo. Ndipo nkhondo ikadzabwera, asasonkhanitse impi pamalo amodzi, amenye onyamula katundu pa madooko.

NaBanda wa ku Chadiza
Ng'ombe ya December siingafafanize zaka 30, achimwene. Akanailandira, kuidya, n'kukauza mzungu.

NaJere
Ndipo mu May udzu wayamba kuuma, mitsinje yaphwa, mzinga ukuyenda bwino. Mwachotsa njala mwabweretsa njira yoyera. Komanso anyamata a nthawi imeneyo, amene ulemu wawo unali kubwera ndi magazi pa mkondo, mukanawauza kuti agulitse nkhuku miyezi isanu? Bwenzi nduna yoyamba kulasidwa muli inu.

Sajeni Wakale
Mwina bwenzi ndi ine, amayi. Koma kugawa ng'ombe kokhako ndikanaumirira. Zikanatsalako zina.

Mbuya wa ku Kasama
Mukanazitumiza kwathu kuti tikusungireni, ambuya.

Mzukulu wa ku Feni
Kwa inu? Bola mzungu, anasiyako zikopa. Aphunzitsi, funso lina: paja mwati ambiri mwa ankhondo a Mpezeni anali ana a Ansenga ndi Achewa. Nanga pa tsiku la nkhondoyo iwowo anaima mbali iti?

Aphunzitsi Opuma
Amene anatchula zimenezo ndi amayi NaBanda, ndipo ananena zoona. Mwana wogwidwa ankakulira m'mudzi wa Chingoni, kulowa gulu la msinkhu wake, ndipo akalimba mtima ankatha kukwera mpaka kukhala nduna, n'kukhala ndi anthu akeake. Wotereyo anali ndi ng'ombe zoti ataye, choncho anaima ndi Nsingu. Wogwidwa dzana, amene mudzi wa kwawo ankauona ndi maso kuseri kwa phiri, moto utayamba m'midzi anatola ana n'kubwerera kwawo.